Cheesecake ya magawo atatu, chokoleti, tiyi ndi chinanazi: tiipange bwanji kuno ku Mulanje?

Amake Tadala (Chitakale): Mwaswera bwanji amayi ndi abambo a pagulu. Ndalandira oda yomwe yandizunguza mutu. Pali mtsikana wina akuchita bridal shower Loweruka la sabata yamawa ku Boma, ndipo keke wamba sakuifuna. Akuti cheesecake ya magawo atatu osanjikizana, pansi chokoleti, pamwamba chinanazi, pakatipo ndisankhe ndekha. Wanditumizira chithunzi cha pa Facebook. Siponji ndimaphika sabata iliyonse, koma iyi sindinaigwirepo. Ndivomere, kapena ndimuuze akafune ku Blantyre?

Thoko: Vomerani kaye amayi, zinazo tiona kutsogolo kkkk. Ndalama sitibweza pakhomo.

Anabanda (admini): Iwe Thoko, munthu akufunsa zenizeni. Ankolo Yohane mulipo? Iyi ndi nkhani yanu.

Ankolo Yohane (Likhubula): Ndilipo mayi. Amake Tadala vomerani, koma ndiyankheni kaye izi. Uvuni wanu ndi wamagetsi kapena mumaphikira pa mbaula? Chitini chija chotsegula m'mbali muli nacho? Nanga firiji ikugwira? Ndikufunsa chifukwa keke iyi mulibe chotupitsa, ufa ndi wongonunkhiza. Ndi tchizi, mazira ndi shuga basi. Chimailimbitsa ndi mazira akapsa pang'onopang'ono, kenako kuzizira kwa usiku wonse. Mukaithamangitsa ikakuchititsani manyazi pamaso pa anthu.

Amake Tadala: Uvuni ndi wamagetsi ankolo. Firiji imagwira magetsi akakhalapo, mukudziwa kale. Chitini chotsegula m'mbali ndilibe, ndili ndi zozungulira wamba za 23 cm.

Ankolo Yohane: Chomwecho chikwana. Yalani pepala lophikira keke pansi ndi m'mbali. Musanatero dulani timizere tiwiri tatitali ta pepalalo, tipingasane pansi pa chitini, nsonga zake zituluke kunja. Keke ikagona mu firiji mudzakoka nsongazo n'kuitulutsa yathunthu. Ndipo chitini wamba chili ndi ubwino wake, madzi salowa. Zotsegula m'mbali zija zimadontha, pomwe keke iyi timaiphika chitini chitakhala m'madzi.

Mphatso (Luchenza): Anti, pa tchizi pokha musachite zoyerekeza. Kwerani minibasi ya Midima mukagule cream cheese m'masitolo akuluakulu ku Blantyre. Philadelphia kapena Lancewood, yamafuta onse, osati zolembedwa light. Chitini cha 23 cm chimadya magalamu 750, ndiye kuti timakontena titatu kapena tinayi. Munyamule cooler box, dzuwa la Novembala m'minibasi si masewera.

Amake Tadala: Ndafunsa kale mtengo kwa mlamu wanga wa ku Limbe. Ndikaphatikiza timakontena tinayi ndi thiransipoti yopita ndi kubwera, phindu lonse latsalira kondakitala.

Anaphiri (Bvumbwe): Ana inu mumandidabwitsa. Mkaka womwe makampani a ku Blantyre amaika m'mapaketi amadzautenga kunokuno m'ma bulking group athu, magulu omwe alimi timasonkhanitsako mkaka, magalimoto awo timawaona tsiku ndi tsiku. Ndiye inu mukwere minibasi kukagula tchizi chochokera kunja? Ine ndili ndi ng'ombe ziwiri zamkaka, tchizi chofewa ndimapanga pakhomo pano.

Amake Tadala: Tiuzeni amayi, ndatenga cholembera.

Anaphiri: Pezani malita 5 a mkaka wa m'mawa, wosathira madzi. Mugule kwa mlimi yemwe amapereka ku bulking group, chifukwa kumeneko amayeza ndi lactometer, wothira madzi amabwezedwa. Muuphike mpaka uwire, apa osakambirana, mkaka wosawiritsa umafalitsa TB ya ng'ombe ndi matenda ena. Ukawira phulani, dikirani mphindi 5, muyambe kuthira madzi a mandimu pang'onopang'ono uku mukutakasa ndi mthiko. Lita iliyonse imafuna masupuni akulu awiri kapena atatu. Muona mkaka ukugawikana, zoyera paokha, madzi achikasu paokha. Ngati madziwo akadali oyera ngati mkaka, onjezani ndimu. Siyani mphindi 10. Sefani pa nsalu yopyapyala yomwe mwaiwiritsa, tsukuluzani zoyerazo ndi madzi owiritsa ozizira kuti kuwawasa kuchepe, mangani nsaluyo muipachike ola limodzi, poto pansi. Lita imodzi imapereka magalamu 150 mpaka 200 kutengera ng'ombe. Mkaka wa Jersey uli ndi mafuta ambiri kuposa wa Friesian, ukapezeka tengani umenewo. Madzi achikasuwo musataye, kandirani masikono kapena mandasi.

Mphatso: Pepani agogo, koma zimenezo zimatuluka zamibulu. Ndinadyapo ya choncho pa ukwati wina, pakamwa pamachita kumveka timibulu, anthu ankangosiya m'mbale.

Anaphiri: Ameneyo anapanga mwaulesi, si vuto la ng'ombe zanga.

Ankolo Yohane: Nonse mukunena zoona, aliyense mbali yake. Cream cheese ya m'sitolo imasalala chifukwa cha mafuta, ina amafika gawo limodzi mwa magawo atatu. Cha Anaphirichi mafuta ndi ochepa, n'chifukwa chake chimauma. Ndiye mafutawo muwabwezeremo. Pa magalamu 750 a tchizi onjezani batala weniweni wofewa magalamu 100, chambiko theka la kapu ndi kamchere kotsina ndi zala. Gayani mu blenda tchizicho chikadali chofunda, mpaka mukatikita pakati pa zala musamve mbulu. Chikazizira chimakanika kusalala. Opanda blenda kanikizani pa sefa ya ufa kawiri ndi kumbuyo kwa supuni, dzanja lipweteka koma zitheka. Majarini pano ayi, amasiya phula m'kamwa keke ikazizira.

Anaphiri: Ilipo njira ina yosavuta. Thirani chambiko kapena yogati wopanda shuga m'nsalu, ikani pa sefa, mbale pansi, zigone mu firiji. M'mawa mupeza chalimba, chosalala popanda kugaya. Koma chimawawasa, ndiponso chimachepa kwambiri, chotsala sichifika ndi theka lomwe.

Ankolo Yohane: Imeneyo ndiye ine ndimaikonda. Theka cha ndimu, theka cha chambiko. Kakuwawasa kaja ndi kamene kamapangitsa munthu kudziwa kuti akudya cheesecake osati kasitadi.

Mphatso: Chabwino, koma ine ndikadali pomwepo. Oda ya munthu siyophunzirirapo.

Anabanda (admini): Ndiye aphike kakang'ono koyeserera mkati mwa sabata, masiku alipo. Tipitirize.

Amake Tadala: Zamveka. Gawo lapamwamba ndimaganiza zogaya chinanazi cha pamsewu wa Likhubula n'kusakaniza ndi tchizi ndi jelatini, ufa uja wogwiranitsa zakudya zikazizira, monga ndinaonera pa YouTube. Zinanazi zayamba kutsekemera panopa.

Madalitso (Nkando): Imani kaye pamenepo asisi. Chinanazi chachiwisi ndi jelatini sizikhalira limodzi. M'chinanazi muli enzyme yotchedwa bromelain, ntchito yake ndi kudula mapuloteni, n'chifukwa chake ukadya chambiri lilime limachita kulasalasa. Jelatini ndi puloteni. Mukasakaniza mudzadikira mpaka Lamlungu osagwirana. Tchizi nachonso ndi mapuloteni, ndiye chinanazi chachiwisi chikagona m'menemo, m'mawa mupeza zikuwawa ndiponso zikutuluka madzi. Papaya chimodzimodzi, muli papain, ija anthu amafewetsera nyama yolimba. Mankhwala ake ndi moto. Duladulani, wiritsani mphindi 10 kapena kuposerapo, enzyme ija yatha ntchito. Cha m'chitini chimagwira bwino chifukwa chinaphikidwa kale kufakitale, mwina n'chimene munaona pa YouTube.

Thoko: Aphunzitsi abwera ndi choko kkkk. Mayeso aliko Lachisanu?

Madalitso: Iweyo ulephera ndi kale.

Esnart (Makwasa): Ine nkhawa yanga ndi jelatini yemweyo. Kuno ku Makwasa ambiri ndife a Adventist, mishoni ya Malamulo ili pompano kuyambira 1902, ndipo nkhumba sitidya. Jelatini wambiri amachokera ku chikopa cha nkhumba, wina ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe. Pa shower pamabwera anthu osiyanasiyana, Asilamu amakhalapo. Mukati mugwiritse ntchito, werengani paketi bwinobwino, ndipo mwini oda mumuuze. Munthu asamadye chinthu osadziwa.

Thoko: Koma asisi Loweruka inu muli kutchalitchi, keke ikupezani kuti?

Esnart: Yotsala imafika kunyumba m'mapepala, Lamlungu timamwera tiyi. Usaiwale zimenezo.

Mphatso: Palinso agar. Funsani m'mashopu ogulitsa zokometsera za chimwenye ku Limbe, ena amati China grass.

Madalitso: Agar amachokera ku ndere za m'nyanja yamchere, nyama mulibe. Amafuna kuwiritsa kaye kuti asungunuke, amagwirana akafika pa madigiri 40, ndipo sasungunukanso mpaka cha m'ma 85. Jelatini amayamba kufewa cha m'ma 35, kutentha komwe kuno timakufika mu Okutobala ndi Novembala. Koma agar mukachulutsa pang'ono keke imachita kuthyoka m'malo mofewa. Ndipo chinanazi muwiritsabe, chifukwa cha tchizi.

Ankolo Yohane: Mukuvutikiranji ndi zomatira? Phikani magawo onse atatu mu uvuni, jelatini ndi agar zikhale kusitolo. Yosaphika ya jelatini ija moyo wake wonse uli mu firiji, gawo lililonse limafuna kuzizira musanathire linzake. Magetsi akazima muli pa gawo lachiwiri, chokoleti ndi chinanazi zikumana pakati. Yophika yaima pa mazira. Firiji imaifunabe kuti isawonongeke, koma siyenderera.

Mphatso: Koma ankolo, yosaphika mizere yake imaoneka mowongoka, mitundu imawala. Atsikana a shower amayamba ajambula asanadye. Yophika chikasu cha chinanazi chimafwifwa.

Ankolo Yohane: Pa mizere sindikutsutsa mwanawe. Ukanakhala mwezi wa Juni, chiperoni chili m'phiri, ndikanati apange yako. Koma Novembala uno, mu holo ya malata? Za chikasu tikonza pamapeto, dikira.

Amake Tadala: Nanga uvuni nawo si wamagetsi ankolo? Akazima keke ili mkati?

Ankolo Yohane: Yambani usiku kwambiri kapena mbandakucha, nthawi yomwe kwanuko sakonda kuzima. Akazima keke itatsala pang'ono, musatsegule chitseko, madzi otentha aja amapitiriza ntchito. Akazima koyambirira, tsirizirani pa mbaula, ndifotokoza.

Anabanda (admini): Tisanafike kumeneko, gawo lapakati likhala la chiyani? Palibe wanenapo.

Bambo a Lonjezo (Ruo): Ndalowa mochedwa, ndinali pa shifiti. Pakati ikani tiyi. Tiyi anayamba kulimidwa kuno ku Mulanje mu 1891 ku Thornwood, ku Thyolo Satemwa ilipo kuyambira 1923, tiyi wathu amagulitsidwa pa okushoni ku Limbe n'kukamwedwa maiko akutali, koma makeke athu onse ndi vanila wa m'kabotolo. Ndimadabwa nazo.

Mphatso: Keke ya tiyi? Anthu sadzati mwathiramo chakumwa cha m'mawa?

Bambo a Lonjezo: Akalawe kaye. Tenthetsani mkaka theka la kapu, ukayamba kuwira thirani masamba masupuni akulu atatu, phulani, vindikirani mphindi 4, zikachuluka 5. Tiyi wathu wambiri ndi wodulidwa timibulu ting'onoting'ono, amatulutsa mtundu msanga koma mukamusiya nthawi yaitali amatulutsanso kuwawa kuja komanga pakamwa. Kuti akhale wamphamvu chulutsani masamba, osati mphindi. Sefani pa nsalu osafinya kwambiri, zizire. Mukafuna ponyanimo kajinja ndi sinamoni, koma pang'ono, tiyi amveke.

Madalitso: Jinja wachiwisi nayenso ali ndi enzyme yodula mkaka. Awire limodzi ndi mkakawo, osathira madzi ake osaphika.

Mphatso: Vuto langa ndi maonekedwe. Chokoleti ndi bulauni, tiyi wamkaka ndi khaki. Pa chithunzi zioneka ngati gawo limodzi. Bola magalagadeya, kapena masitiroberi a ku Zomba.

Ankolo Yohane: Magalagadeya ndi chinanazi zonse n'zachikasu ndiponso zowawasa, zilimbana. Tiyi akhala bwino pakati chifukwa ndi wofatsa, amalumikiza kuwawa kwa koko ndi kutsekemera kwa chinanazi. Chokoleti tichidetsa kwambiri kuti mzere uoneke. Tsopano lembani zonse.

Pansi: mabisiketi a Tennis kapena Marie magalamu 200, muwasinje m'kamtondo kapena m'jumbo ndi botolo. Batala wosungunula magalamu 90. Amene muli ku Thyolo sinjiranimo makademiya okazinga odzaza dzanja, mtedza wokazinga nawonso umachita bwino. Kanikizani pansi pa chitini ndi tambula, phikani mphindi 10 pa madigiri 180, zizizire.

Chosakaniza: tchizi magalamu 750, shuga kapu imodzi, corn flour masupuni akulu awiri, chambiko theka la kapu, mazira anayi. Zonse zituluke mu firiji ola limodzi musanayambe. Yambani ndi tchizi ndi shuga mpaka zisalale, kenako corn flour ndi chambiko, mazira pomaliza, limodzilimodzi, ndi mthiko kapena mixer pa sipidi yotsikitsitsa. Apa ndi pomwe anthu a siponji mumagwera. Munazolowera kumenya kuti mpweya ulowe. Mu cheesecake mpweya umaitupitsa mu uvuni, ikamazizira imaphwa n'kung'ambika pakati.

Gawani m'mbale zitatu ndi kapu imodzi yomweyo kuti zifanane. Mbale yoyamba, koko masupuni akulu atatu osungunula m'madzi otentha pang'ono, ndi kasupuni ka khofi. Yachiwiri, tiyi wa Bambo a Lonjezo uja, ndi kasupuni kena ka corn flour chifukwa mwawonjezera zamadzi. Yachitatu, chinanazi chowiritsa ndi shuga pang'ono mpaka madzi aphwe chikhale jamu, chogaya, theka la kapu, chozizira.

Uvuni pa madigiri 160. Chitini chikhale m'thireyi yakuya ya madzi otentha ofika theka la chitini. Thirani chokoleti, mphindi 20, mpaka pamwamba pagwire moti mukakhudza ndi chala sipamata. Tulutsani, thirani tiyi kudzera pa kumbuyo kwa supuni kuyambira m'mbali, osati kukhuthula pakati, mungaboole. Mphindi 20. Kenako chinanazi chimodzimodzi, mphindi 30 mpaka 35. Yapsa m'mbali mukalimba koma pakati pakunjenjemera ngati phala la mwana lomwe layamba kupola. Mukadikira kuti pakati palimbe mwapsereza. Zimitsani uvuni, tsegulani chitseko pang'ono, pingani ndi mthiko, ikhale momwemo ola limodzi. Ikatuluka zungulizani mpeni m'mbali kuti ikamanyala isakokedwe ndi chitini. Ikazizira, firiji maola osachepera 6, koma usiku wonse ndiye bwino.

Amake Tadala: Chokoleti chapansicho sichipsa mopitirira, poti chikhala mu uvuni kuposa ola?

Ankolo Yohane: Ndiyo ntchito ya madzi aja. Madzi sapitirira madigiri 100 ngakhale uvuni uli pa 160, ndiye mbali yomwe yamira imapsa mofatsa. Muzingoonetsetsa kuti asaphwe, ketulo ikhale pafupi. Chokoleti chimapita pansi chifukwa ndicho cholemera ndiponso chimapirira moto.

Mphatso: Za chikasu munati mukonza.

Ankolo Yohane: Madzi a chinanazi kapu imodzi, shuga masupuni awiri, corn flour supuni yaikulu imodzi yosungunula m'madzi ozizira. Wiritsani uku mukutakasa mpaka zikhuthale n'kuwala, ziwire mphindi zingapo. Zikafunda thirani pamwamba pa keke yozizira. Chikasu chako ndi chimenecho, ndipo ngati pang'ambika chimabisa.

Thoko: Ndiye kuti ngakhale ankolo nthawi zina imawang'ambikira kkkk.

Ankolo Yohane: Iwe udzadya yako pa ukwati wako, ngati udzachitike.

Nachisale (Limbuli): Ndakhala ndikungowerenga. Ife kuno uvuni tilibe, chigumu ndi makeke timaphika pa mbaula, mchenga m'poto, makala pachivindikiro. Iyi ingatheke choncho?

Ankolo Yohane: Itheka, koma mchenga ndi makala apamwamba muiwale, moto wake ndi waukali, mazira amasanduka okazinga. Gwiritsani nthunzi. Poto wamkulu, pansi muike timiyala titatu tofanana kapena mbale yachitsulo yovundikira, madzi afike m'munsi mwa chitini. Chitini muchivindikire ndi foil. Chivindikiro cha poto muchikulunge ndi nsalu kuti madontho asagwere pa keke. Makala ochepa, madzi azingonyeng'enya osati kubwata. Nthawi ya gawo lililonse ndi yofanana ndi ya uvuni, mwina kuwonjezera mphindi 5. Mabisiketi apansi osaphika, kungokanikiza zolimba. Ine ndinaphunzira kuphika m'nyumba za mabwana a ku esiteti pa chitofu cha Dover cha nkhuni, chopanda nambala iliyonse, kutentha timayeza ndi dzanja. Yanthunzi imatuluka yosalala kuposa ya uvuni, siing'ambika kawirikawiri. Chovuta kwa inu ndi firiji.

Nachisale: Firiji timapempha kugolosale komwe timagula zoziziritsa kukhosi.

Anaphiri: Muivindikire zolimba, tchizi chimakoka fungo. Mafiriji a m'magolosale mumagona nsomba za ku Muloza ndi soseji. Keke ya chinanazi yonunkha karapao palibe angakulipireni.

Esnart: Kkkk amayi mwandiseketsa muli serious.

Anabanda (admini): Amake Tadala, kayeseni kakang'ono mutiuze.

Amake Tadala: Ndabweranso, lero Lachitatu. Dzulo ndinaphika theka la muyezo m'kachitini ka 15 cm, tchizi theka cha ndimu theka cha chambiko. Chithunzi ndi icho. Magawo aima bwino, mizere ikuoneka, sinang'ambike. Bambo a Tadala omwe sakonda zotsekemera apempha kachiwiri, akuti gawo la tiyi ndilo laposa. Koma zinthu ziwiri. Gawo la chinanazi ndi lofewa kuposa enawo, mpeni ukadutsa limatsamira. Ndipo podula chokoleti chikupaka magawo apamwamba.

Mphatso: Iii koma yaoneka bwino anti. Timibulu mulibe?

Amake Tadala: Mulibe mwanawe. Ndinagaya chofunda, kenako ndinadutsitsanso pa sefa.

Anaphiri: Mphatso wamva?

Mphatso: Ndamva agogo. Koma ndikadakonda kulawa ndekha ndisanasaine.

Ankolo Yohane: Chinanazi chinali ndi madzi. Zathu za kuno n'zamadzi kwambiri, makamaka mvula ikayamba. Wiritsani mpaka mukakoka mthiko pansi pa poto njira itsale yosatsekeka. Mukhozanso kuwonjezera chikasu cha dzira limodzi m'mbale imeneyo. Za kudula, mpeni wautali wopyapyala, muviike m'madzi otentha, pukutani, dulani kamodzi kutsika osacheka, muusolole cham'munsi kukokera kwa inu, osaubweza m'mwamba. Mukaubweza m'mwamba ndi pomwe chokoleti chimakwera nawo. Pukutani mpeni mukadula kulikonse.

Madalitso: Ndiwonjezere za chitetezo, poti muli mkaka ndi mazira. Isakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri, kukatentha kwambiri ola limodzi. Firiji yosatsegulatsegula imasunga kuzizira pafupifupi maola 4 magetsi atazima. Muumitsiretu mabotolo a madzi mu freezer, akazima muwaike pafupi ndi keke. Omwewo adzagwira ntchito mu cooler box tsiku lonyamula.

Bambo a Lonjezo: Kuchoka pa Chitakale kukafika ku Boma ndi pafupi, koma musakwere nayo kabaza. Pezani galimoto, bokosi likhale pansi pamalo osalala, osati pamiyendo.

Esnart: Ndipo mukauze a komiti kuti isakhale pa tebulo la kutsogolo kuyambira 1 koloko podikira alangizi amalize. Mukudziwa mashower athu, mitu isanu, aliyense ndi perekaniperekani wake. Ituluke nthawi yodula yokha.

Amake Tadala: Zimenezo ndamuuza kale, akuti kunyumba yoyandikana ndi holo kuli firiji. Tsopano mtengo. Ndimutchaje bwanji? Akudziwa kuti tchizi ndapanga ndekha, ndiye ayamba kale kunena kuti zitsike.

Mphatso: Musatsitse anti. Mutchaje ngati mwagula ku Blantyre. Akafunse mtengo wa kagawo kamodzi m'malesitilanti a m'tauni aone.

Anaphiri: Ayi, kumeneko n'kuba. Werengani mkaka, mandimu, batala, mazira, shuga, koko, mabisiketi, mayunitsi a magetsi, makala owiritsira mkaka, bokosi. Mukapeza zonse muwonjezere ntchito ya masiku awiri, chifukwa tchizi ndi tsiku lake, kuphika ndi tsiku lake. Koyeserera kaja musamuwerengere, sukulu ndi yanu.

Mphatso: Si kuba agogo, akulipira luso. Wosoka diresi satsitsa mtengo chifukwa choti nsalu anaipeza motchipa.

Ankolo Yohane: Chitini cha 23 cm chimatuluka magawo 12, mukadula mopyapyala 16, chifukwa keke iyi imakhutitsa msanga. Mufunseni anthu angati akubwera. Akati 60, imodzi siikwana, ndipo ndi bwino adziwe lero kusiyana n'kudzakudandaulani Loweruka. Ambiri amachita cheesecake ya tebulo la mkwatibwi ndi makapukeke a anthu onse.

Amake Tadala: Ndamufunsa pompano. Akuti anthu 80, ndipo amaganiza kuti imodzi ikwana.

Thoko: Aliyense anyambita mpeni kkkk.

Amake Tadala: Ndamuuza kuti cheesecake imodzi ya tebulo lakutsogolo, makapukeke 80 padera, theka la ndalama lero pa foni. Wavomera. Amayi Anaphiri, malita 5 a Jersey Lachinayi m'mawa angapezeke? Mwana wanga wamkulu adzadikira minibasi pa siteji ya Chitakale.

Anaphiri: Apezeka, ndikama 5 koloko. Chigubu ndi changa, chibwere Lachisanu chotsuka. Mandimu muli nawo kapena ndiikemo?

Amake Tadala: Ikanimo amayi, akuno aumirira, madzi mulibe.